Kukonza ndi kusamalira trombone yakale kuti iimbe bwino

Ma trombone ochuluka amene timawaona m'mabandi a m'mipingo, m'sukulu ndi m'magulu a achinyamata kuno kwathu sanabwere ali atsopano. Anafika ngati mphatso kapena anagulidwa ataimbidwa kale kwa zaka zambiri kunja, ndipo mukayang'anitsitsa pa bell, kumene kuli kukamwa kwakukulu kotulukira mawu, mudzapeza mayina ozokotedwa monga Besson, Boosey & Hawkes, Conn, King, Olds kapena Yamaha. Woimba akapatsidwa lipenga lotere n'kuona kuti slide, mapaipi aja okankha ndi kukoka posintha manoti, ikukanirira ndiponso mawu akutuluka osasa, amafulumira kunena kuti chinthucho chinatha ntchito. Koma kawirikawiri chimene chavuta ndi litsiro, mpweya wothawira pamalo obooka, ndi mapaipi amene anapindika pang'ono chabe. Zimenezi ziyenera kuthetsedwa munthu asanaganize zosintha chiwalo chilichonse, pakuti simungadziwe kamvekedwe kenikeni ka lipenga limene m'kati mwake muli zonyansa za zaka makumi awiri.

Kutsuka koyamba

Trombone wamba ya B♭ ndi paipi ya mkuwa yotalika pafupifupi mamita 2.7 imene inapindidwa, ndipo ntchito yoyamba ndi kuimasula zigawozigawo. Chotsani mouthpiece, kachitsulo kouziramo ndi milomo, lekanitsani mbali ya bell ndi ya slide, sololani slide yakunja kuti mapaipi awiri am'kati akhale poyera, kenako tulutsani tuning slide, kapaipi kokhota kakumbuyo kamene timachunira mawu. Ngati mouthpiece kapena tuning slide yamatirira, musaigwire ndi pulayala ndiponso musaikhome ndi nyundo, chifukwa mphamvu imene mungaikepo idzapotoza mapaipi kapena kuthyola zogwiriziza chinthu chomatiriracho chisanasunthe n'komwe. Dontheza mafuta opyapyala olowerera m'dzimbiri pamphako yake, dikirani tsiku limodzi kapena awiri, kenako yesaninso ndi manja. Pali kachipangizo kozulira mouthpiece kamene kamakankha mofanana mbali zonse, ndipo bandi iliyonse yokhala ndi malipenga ambiri ikanachita bwino kukhala nako kamodzi.

Yalani thaulo pansi pa bafa kapena beseni lalitali kuti chitsulo chisagunde pouma, thirani madzi ofunda pang'ono ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, ndipo viikani zigawozo kwa mphindi 20 kapena 30. Madziwo akhale oti mukhoza kusambitsira khanda. Madzi otentha amasenda lacquer, utoto woonekera m'kati umene umachititsa mkuwa kunyezimira, ndipo lacquer ya malipenga akale ndiyo imene sichedwa kufundukuka ngati khungu la njoka. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi wakali kwambiri, choncho musamugwiritse ntchito. Pitirizani burashi yaitali yopindika m'mapaipi onse, makamaka pokhota pa slide yakunja pamene pamadikha malovu, ndipo musadabwe mukaona zobiriwira ndi zakuda zikutuluka.

M'kati mwa slide yakunja mumafuna ntchito yapadera, popeza ndi mmene mapaipi am'kati amatsetserekamo. Tengani kandodo kachitsulo kotsukira, kokhala ndi diso kunsonga, mukakulunge konse ndi nsalu yopyapyala ya thonje yosathothoka ulusi, kuti pasatsale chitsulo choonekera chimene chingakande paipi. Gwirani paipi yomwe mukutsukayo, osati inzakeyo, ndipo dzanja lina ligwire kandodo pamodzi ndi mchira wa nsalu, chifukwa nsalu ikavuka n'kutsalira m'kati kuitulutsa kwake ndi chintchito. Lowetsani ndi kutulutsa mukupotoza mpaka paipi itayamba kufunda m'manja, sinthani nsalu, ndipo bwerezani kufikira nsaluyo itatuluka yoyera. Pa lipenga limene lakhala nthawi yaitali osatsukidwa mungasinthe nsalu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ngati m'kati mwatsala zoyera zouma ngati laimu, zimene zimachuluka kumene madzi a pa mjigo ndi amchere, tsekani mbali imodzi, thiranimo viniga wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, musiye kwa mphindi zosapitirira 20, kenako tsukuluzani ndi madzi ambiri kuti asidi asatsalire.

Zimene slide youma ingakuuzeni

Musanapake chilichonse, bwezerani slide ili youma ndi yoyera n'kuiyesa, pakuti mafuta amabisa matenda ake. Ipendeketseni pang'onopang'ono mutatchinjiriza ndi dzanja kuti isagwe pansi. Slide yabwino imayamba kutsetsereka yokha isanaimirire n'komwe. Ikamakodwa pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndiye kuti paipi yakunja ili ndi kadzenje kamene kanabwera pogundidwa, ndipo mukaiyang'ana mopingasa padzuwa mudzakaona ngati kamthunzi. Slide ili ndi malo asanu ndi awiri oimikapo poimba, kuyambira ili yobwezedwa yonse mpaka itatambasuka. Ikamayenda bwino pamalo oyamba ndi achiwiri koma n'kumalimba pamene mukuyandikira malo a chisanu ndi chimodzi ndi a chisanu ndi chiwiri, kapena ikamachita mosemphana ndi zimenezi, ndiye kuti mapaipi awiriwo sakuyenda mofanana, ina inatagadza kapena kupotoka.

Njira yosavuta yodziwira paipi yolakwa ndi kulowetsa paipi imodzi yokha yam'kati m'paipi imodzi yakunja, inzake ili panja, kenako n'kuchita chimodzimodzi ndi inayo. Ngati iliyonse payokha ikuyenda bwino koma zikakhala pamodzi zikukanirira, vuto lili pa kutalikirana kwake osati pa mapaipiwo. Yang'ananinso kumapeto kwa mapaipi am'kati, pamene pali potupa pang'ono pafupifupi masentimita 10, pamene oimba amati ma stocking. Pamenepa ndi pokhapo pamene payenera kukhudza paipi yakunja. Mukapeza kuti chitsulo choyera chonyezimira chaperepeseka mbali imodzi yokha mpaka chachikasu chikuonekera, umenewo ndi umboni wakuti slide yakhala ikukhulana kwa zaka zambiri ili yopotoka.

Apa ndiyenera kunena mosabisa kuti kuwongola slide si ntchito yapakhomo. Mpata umene uli pakati pa stocking ndi paipi yakunja ndi wochepa ngati kuchindikala kwa tsitsi limodzi kapena awiri, ndipo mmisiri amachotsa kadzenje polowetsa chitsulo chosalala cha muyezo weniweni wa paipiyo n'kumakhoma kunja mopepuka kwambiri. Amene amayesa kutero ndi ndodo ya nsungwi kapena chitsulo chomangira nyumba amatupitsa paipi, ndipo paipi yotupa sibwereranso. Ngati muli ndi ndalama zokwanira chinthu chimodzi chokha pa lipenga lonse, zipite kwa mmisiri wodziwa slide, ngakhale zitatanthauza kudikira miyezi ingapo kuti wina wopita ku Johannesburg kapena ku Cape Town akutengereni. Funsaninso oimba a m'mabandi akuluakulu, monga a polisi, a asilikali ndi a Salvation Army, kuti malipenga awo amakonzetsa kwa yani.

Zopaka

Slide yoyera ndi yowongoka imafuna zopaka zochepa zedi. Ngati muli ndi kirimu wa slide, monga Trombotine kapena Superslick, tengani wochepa ngati njere ya mpunga pa stocking iliyonse, mumufalitse ndi chala, mulowetse paipi iliyonse payokha mukuizunguza kuti kirimu afike m'kati monse, kenako pukutani wotsala pamapaipi am'kati ndi kuwaza madzi ndi kabotolo kofayira. Chimene chimatereretsa slide ndi timadontho ta madzi timene timakhala pamwamba pa kirimu ngati mame pa tsamba la koko, ndipo n'chifukwa chake wopaka kirimu wambiri amapeza slide ikulemera ngati ili m'phala. Zopaka zamadzimadzi, monga Slide-O-Mix kapena za Yamaha, n'zosavuta kugwiritsa ntchito, koma pa slide yakale imene inaperepeseka ine ndimakonda kirimu, chifukwa amadzaza timikwingwirima. Musasakanize mitundu iwiri musanapukute wakale. Oimba akale ankagwiritsa ntchito kirimu wodzola kumaso wa mtundu wa cold cream, ndipo pakasowa china amathandiza, koma mafuta ophikira, oilo wa galimoto ndi Vaseline zisayandikire slide yoimbira, pakuti zimamata ndiponso zimakoka fumbi. Madzi a m'kabotolo akhale amvula osefa bwino kapena aja otchezedwa amene amagulitsa othira m'batire la galimoto, ndipo onetsetsani kuti mwagula madzi osati asidi.

Tuning slide yokha ndiyo imafuna girizi wolimba, wopakidwa mopyapyala. Pamenepa Vaseline akhoza kugwira ntchito kwa kanthawi, malinga muzimupukuta ndi kupaka wina mwezi uliwonse, chifukwa akakhalitsa amauma n'kumatiriza mapaipi.

Mpweya wothawa

Lipenga lodontha mpweya limatopetsa woimba, limasasitsa mawu, ndipo manoti ena amakana kukhazikika, moti mwana wophunzira amayamba kudzikayikira pamene wolakwa si iyeyo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani slide yokha, tsekani ndi chala chachikulu paipi imene imalowa ku bell, ndipo uzirani mwamphamvu ku mbali ya mouthpiece. Mukamva kufwenthera, pakani thovu la sopo pamfundo zonse ndi pa kachitseko kotayira malovu, ndipo pamene thovu likutupa ndi pomwe pali chibowo. Nthawi zambiri wolakwa amakhala cork wa pa kachitsekoko, amene amauma ndi kung'aluka. Mugwetseni ndi nsonga ya singano, palani guluu wakale, dulani kachidutswa kosalala kuchokera ku chivindikiro cha cork cha botolo, ndipo mukamate ndi kadontho ka guluu, kachitsekoko katakanikiza kokha mpaka guluu atauma kuti cork atenge maonekedwe a kabowo. Sipuling'i ikathyoka anthu amamanga ndi mphira, ndipo zimenezi zimapulumutsa pa tsiku la ukwati kapena la maliro, koma mphira ukakhalitsa umadetsa siliva ndi kudya lacquer.

Mfundo zimene zalekana zimalumikizidwa ndi mtovu wosungunula pamoto wochepa, monga amachitira okonza mawailesi, kungoti pamafunika kalawi kakang'ono m'malo mwa chitsulo chamagetsi. Musalole kuti wina aziwotcherere ngati geti. Ndinaonapo trombone ya Besson ya siliva imene mnyamata wina wa m'bandi yathu anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo pamsika chifukwa chogwiriziza cha bell chinali chitachoka. Mmisiriyo, amene ntchito yake ya mafelemu a mawindo inali yosadandaulitsa, anangoti lawi gwa, ndipo mkuwa, umene pa bell ndi wochindikala pafupifupi theka la milimita, unabooka chibowo cholowa chala, mfundo zina ziwiri zapafupi n'kusungunukira pomwepo. Lipengalo lili m'stolo mpaka lero, ndipo timangozulako tizipangizo tokonzera ena.

Mukaona timadontho tofiirira ngati nyama yaiwisi pa mkuwa, makamaka pokhota pa slide ndi pafupi ndi mouthpiece, dziwani kuti zinki amene ali mumkuwamo akudyeka kuchokera m'kati chifukwa cha malovu. Matendawa alibe mankhwala owabweza. Kutsuka kawirikawiri kumawachedwetsa, kabowo kamodzi kakhoza kumatidwa ndi chigamba cha mkuwa, koma timadontho tikachuluka chigawocho chiyenera kusinthidwa.

Lipenga limene limakwera kuposa anzake

Pali vuto lina limene limakhudza kwambiri malipenga akale a ku Britain, ndipo ambiri salidziwa. Mabandi a malipenga a kumeneko ankachuna mawu awo mokwera, noti ya A ili pafupifupi 452 Hz, kutanthauza kunjenjemera kwa mawu ka 452 pa sekondi, mpaka m'zaka za m'ma 1960 pamene anasamukira ku muyezo wa 440 Hz umene makibodi ndi malipenga a masiku ano amatsatira. Kusiyanaku ndi pafupifupi theka la semitone, mpata wa mawu wa pakati pa makiyi awiri oyandikana a kibodi, ndipo n'kokwanira kuti woimba azimveka wosokoneza ngakhale akhale waluso chotani. Yesani ndi pulogalamu yochunira ya pa foni. Imbani kaye kwa mphindi zisanu kuti lipenga lifunde, kenako imbani B♭ slide ili pamalo oyamba. Ngati mwatulutsa tuning slide mpaka yatsala pang'ono kugwa koma mawu akadali okwera, muli ndi lipenga la muyezo wakale. Kuti litsike, paipi yonse iyenera kutalika ndi masentimita pafupifupi 8, ndipo popeza tuning slide ili ndi miyendo iwiri, mmisiri amawonjezera masentimita pafupifupi 4 pa mwendo uliwonse. Malipenga ambiri anasinthidwa kale motere asanatumizidwe kuno, ndipo mudzawazindikira ndi tizidutswa ta paipi tooneka tatsopano kumbuyo kwake. Kumbukirani pochita mayesowa kuti kutentha kumakweza mawu a lipenga ndipo kuzizira kumawatsitsa, choncho zimene mungapeze masana a mwezi wa Okutobala ku Chikwawa sizingafanane ndi za m'mawa wa Juni ku Dedza.

Zosintha zimene zili ndi phindu

Lipenga likakhala loyera, losadontha ndi lochunika, m'pamene mungaganize zosintha, ndipo yambani ndi zimene mungathe kuzibweza zikapanda kukukomerani. Choyamba ndi mouthpiece, imene imasintha kamvekedwe kuposa chiwalo china chilichonse cha mtengo wofanana nayo. Iyenera kugwirizana ndi kukula kwa paipi. Ma trombone a paipi yaing'ono, monga Yamaha YSL-354 ndi Conn 6H za mainchesi 0.500 m'mimba mwake kapena King 3B ya 0.508, amalandira mouthpiece ya mwendo waung'ono, ndiye kuti mbali yake yolowa m'paipi ndi yowonda, pamene a paipi yaikulu ya 0.547, monga Conn 88H ndi Bach 42, amafuna ya mwendo waukulu. Mouthpiece ya Bach 12C ndi yaing'ono, imapepukitsa manoti okwera ndipo imatulutsa mawu owala, 6½AL ili pakatikati ndipo imayenera anthu ambiri, pamene 5G ndi yakuya, ya mawu onenepa oyenera nyimbo za m'tchalitchi pa lipenga la paipi yaikulu. Ikalowa bwino imamira pafupifupi masentimita awiri ndi theka ndipo sigwedera. Pa ma Conn 88H akale opangidwa ku Elkhart, m'chigawo cha Indiana, polowera pake panapangidwa motsatira mwendo wa mtundu wa Remington, moti mouthpiece wamba imagwedera ndi kuthawitsa mpweya, ndipo njira yake ndi kupeza ya mwendo umenewo kapena kukulunga tepi yopyapyala ya mapulambala poyembekezera. Mouthpiece imene siliva wake wa pamlomo anasendeka mpaka mkuwa ukuonekera isiyeni, chifukwa mkuwa wosakutidwa umatupitsa ndi kuyabwitsa milomo ya anthu ena.

Chachiwiri ndi kachitsulo kolemera kamene kamamangidwa pa chogwiriziza cha tuning slide. Malipenga ambiri akale anataya kachitsuloka, ndipo popanda iko kulemera konse kumagwera kutsogolo, dzanja lamanzere limatopa, ndipo woimba amayamba kunyamulira lipenga pa dzanja lamanja limene liyenera kukhala lomasuka. Kubwezera kachitsulo ka magalamu 150 kapena 200 kumafulumizitsa slide kuposa mmene munthu angaganizire, ngakhale kuti simunaikhudze n'komwe. Ngati chenicheni sichikupezeka, mmisiri wa zitsulo akhoza kusema zidutswa ziwiri za mkuwa zomanga ndi masikuluwu, mutaikapo kachikopa pakati kuti zisakande.

Chachitatu, chimene chili chachikulu, ndi leadpipe, kapaipi kobisika m'kati mwa paipi yam'kati yapamwamba, kamene kamalandira mouthpiece, n'kupanikiza mpweya pang'ono usanatambasuke. Kapaipika ndi kamene kamachititsa kuti lipenga limveke lotseguka kapena lokaniza pouzira. Pa malipenga akale kanamatidwa ndi mtovu, ndipo popeza ndi koyamba kulandira malovu, kamadyeka ndi kubooka osaoneka. Unikani ndi tochi mutachotsa mouthpiece, ndipo mukaona m'kati muli mokakala kapena mong'aluka, ndiye kuti mwapeza chifukwa chimene manoti samakhazikikira. Mmisiri akhoza kukazula ndi kuikamo katsopano kolowetsa ndi kutulutsa, kuti muziyesa mitundu ingapo, koma dziwani kuti kakale kaja nthawi zambiri kamang'ambika pozula ndipo nthawi zina paipi yam'kati imawonongekera limodzi. Ine sindilangiza kuzula leadpipe yamoyo chifukwa chongofuna kuyesa.

Trombone yokhala ndi valavu ya F, imene imakanikizidwa ndi chala chachikulu chakumanzere kuti mpweya udzere m'paipi yowonjezera yotsitsa mawu, ili ndi zake zoyang'ana. Tsegulani chivindikiro chakumbuyo kwa valavu ndipo mudzaona timizere tozokotedwa pa mtima wake, kachitsulo kapakati kamene kamazungulira, ndi pa mbale yoizungulira. Timizereto tiyenera kukumana ndendende valavu ikakhala yotseka ndiponso ikakanikizidwa, ndipo tikaphonyana ndiye kuti timphira kapena ti cork toimitsa valavu tatha, mabowo sakulunjikana, ndipo mpweya ukudutsa pakhomo lotseka theka. Kudula timphira tatsopano ndi lumo mpaka timizere titakumana ndi ntchito ya ola limodzi imene imatsegula manoti otsika modabwitsa. Dontheza mafuta opyapyala a valavu m'kati kudzera m'paipi, ndi ena okhuthala pang'ono, ngati a makina osokera, pa mtima wake. Ngati imakokedwa ndi ulusi, jambulani ndi foni mmene ulusiwo unadutsira musanaumasule, ndipo ulusi woluka wa mbedza umalowa bwino m'malo mwake. Kunja anthu amachotsa valavu yonse n'kuikapo ya mtundu wa Thayer kapena wa Hagmann, imene imadutsitsa mpweya momasuka, koma mtengo wa ntchitoyo kawirikawiri umaposa wa lipenga lakalelo.

Za kusenda lacquer kuti mawu amveke bwino, zimene ena amalimbikira, ine sindinamvepo kusiyana kumene munthu wokhala pa benchi yachitatu m'tchalitchi angakuzindikire. Chimene ndinaona ndi manja obiriwira ndi mkuwa wodyeka ndi thukuta. Lacquer ikakhala yamawangamawanga ingoisiyani, ndipo pamene dzanja limagwira kulungani chikopa chofewa. Brasso amapala chitsulo nthawi iliyonse imene mwapukuta naye, choncho asafike pa lacquer, pa siliva, ngakhalenso pamapaipi am'kati a slide.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku n'chachifupi. Tsukuluzani m'kamwa musanaimbe, makamaka mukadya kapena kumwa zotsekemera, tayani malovu onse mukamaliza, pukutani thukuta, ndipo tsekani loko wa slide musanaike lipenga pansi. Musaligoneke pampando slide ikulendewera, ndipo musaike mabuku a nyimbo m'bokosi pamwamba pake, chifukwa chivindikiro chikatsekedwa mabukuwo amakanikiza mapaipi. M'nyengo ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, pukutani slide ndi kupaka kirimu watsopano pakadutsa masiku awiri kapena atatu, ndipo lipenga lonse lisambe miyezi itatu iliyonse. Limene likukasungidwa kwa nthawi yaitali liume kaye usiku wonse lili lomasula, lipakidwe girizi pa tuning slide, ndipo likhale m'bokosi lotseka bwino, pakuti mavu omanga ndi dothi amakonda kumanga zisa zawo m'khosi mwa bell imene yasiyidwa poyera.